Mmene mungatetezere apu yanu kwa oyikiraka pogwiritsa ntchito seva

Ngati mwapanga apu ya Android yomwe anthu amalipira kuti aone zina mkatimo, kaya ndi mavidiyo a maphunziro a MSCE, kaya yowerengera katundu pa shopu, kaya yosunga mabuku a banki mkhonde, dziwani kuti ikangotchuka pali wina amene ayikiraka n'kuyamba kuigawa m'magulu a WhatsApp zonse zili zotseguka, ulele. Aliyense amene anaonapo GBWhatsApp pa foni ya m'bale wake waona kale apu yosinthidwa, nde ngati zikuchitikira kampani yaikulu chonchija, kuli bwanji ife tongoyamba kumenefe.

Kukiraka kwake sikovutanso ayi. Fayilo ya APK, yomwe anthu amaika pa foni ya Android ngati apu, ndi zip chabe, munthu amaimasula ndi apktool, kuwerenga khodi yanu ndi jadx, n'kupeza pamene munalemba kuti ngati walipira mutsegulire. Mu khodi yomwe apktool imatulutsa, yotchedwa smali, pamenepo pamaoneka kamzere koti if-eqz, iye amangosintha kukhala if-nez, kumanganso apuyo, kuisaina ndi kiyi yake, basi watha. Amene sadziwa khodi ali ndi Lucky Patcher, odziwa kwambiri ali ndi Frida yomwe imasintha zinthu apu ili mkati moyenda osakhudza n'komwe fayilo. Ambiri akamva izi amathamangira kulemba khodi yoti apu izidzifufuza yokha ngati yasinthidwa, koma khodi yofufuzayo nayo ili mu APK yomweyo, m'manja mwa munthu yemweyo, amangoichotsanso. Chigamulo chiyenera kuchoka mu foni n'kupita ku seva yanu, kompyuta ya pa intaneti yomwe apu imalankhula nayo, komwe iye sangafike. Zili ngati satifiketi ya sukulu, wolemba ntchito wochenjera sakhulupirira pepala lomwe mwabwera nalo m'manja ngakhale likongole bwanji, amakafunsa ku MANEB. Nde tiyeni tiyende pang'onopang'ono.

Sitepe 1: Chotsani zamtengo mu apu

Izi zibwere poyamba musanakhudze API iliyonse (njira yomwe pulogalamu imapemphera ntchito kwa pulogalamu ina), chifukwa mukazilumpha zina zonsezi n'zopanda ntchito. Khalani pansi mulembe zinthu zomwe munthu akulipirira. Ngati mapepala a mayeso ndi mavidiyo onse munawaika mu foda ya assets n'kungowabisa ndi batani lokhoma, palibe cheki ina iliyonse padziko pano imene ingakuthandizeni, wokiraka safunika n'komwe kufunsa seva, katundu ali naye kale. Zinthuzo zikhale ku seva, apu izizipempha nthawi yomwe zikufunika, ndipo seva ndi imene izidziwa kuti akaunti iyi inalipira mpaka tsiku lakuti. Mavidiyo muziwapereka ndi malinki osainidwa otha msanga, Amazon S3 ndi Google Cloud Storage onse ali nazo zimenezi, linki ikhale ya mphindi zochepa kuti ikagawidwa pa gulu izikapezeka yafa kale.

Nkhani ya malipiro chimodzimodzi. Kaya ndalama zikubwera kudzera pa Google Play Billing, kaya pa Airtel Money kapena Mpamba kudzera ku kampani yolumikiza malipiro, uthenga woti walipira uzichoka kumeneko kupita ku seva yanu mwachindunji. Apu isamauze seva kuti bwana uyu walipira mutsegulireni, mawu amenewo aliyense atha kuwapeka. Ndipo chonde ma API key achinsinsi musawaike mu apu, ngakhale mutawabisa mu Base64 kapena mu fayilo ya C++, amapezeka.

Sitepe 2: Dziwani siginecha ya apu yanu

Apu iliyonse ya Android imasainidwa ndi kiyi, ndipo kuyambira Android 7.0 mu 2016 siginechayo imaphimba fayilo yonse, kusintha kanthu kamodzi kokha imasweka. Wokiraka alibe kiyi yanu, nde amasaina ndi yake, apa ndi pomwe timamugwirira. Lowani mu Play Console, pa gawo la App integrity, mupeza SHA-256 ya satifiketi yanu, yomwe ndi hash, mzere wa manambala ndi zilembo wokhala ngati chidindo cha chala cha satifiketiyo. Samalani, ngati mukugwiritsa ntchito Play App Signing muona ziwiri, ya upload key yomwe inu mumasainira potumiza, ndi ya app signing key yomwe Google amasainira apu yopita kwa anthu. Yofunika apa ndi yachiwiriyo. Ikopereni muisunge mu ma setting a seva. Mukafuna kuona siginecha ya APK ina iliyonse yomwe mwaitola pa gulu, lembani apksigner verify --print-certs kenako dzina la fayilo, muona nokha ngati ili yanu.

Sitepe 3: Yatsani Play Integrity API

Iyi ndi sevisi ya Google yochitira umboni ngati apu ndi foni zili zenizeni, yomwe inalowa m'malo mwa SafetyNet Attestation, imene anaitsekeratu kumayambiriro kwa 2025, nde mukapeza phunziro pa YouTube likukamba za SafetyNet lidutseni, ndi lakale. Pangani pulojekiti ku Google Cloud, yatsani Play Integrity API, kenako mu Play Console mulumikize pulojekitiyo ndi apu yanu. Lembani penapake nambala ya pulojekiti, ija ya manambala okhaokha osati dzina. Pangani service account, akaunti yomwe seva yanu izilankhulira ndi Google, kiyi yake ikhale ku seva kokha, isalowe mu apu, isalowenso pa GitHub. Poyambira amakupatsani mapempho 10,000 pa tsiku, mukakula mumapempha kuti awonjezere.

Sitepe 4: Apu ipemphe tokeni

Mu Gradle, chida chomangira apu mu Android Studio, onjezani laibulale ya com.google.android.play:integrity. Pali njira ziwiri zopemphera, standard ndi classic. Ine ndimalimbikitsa standard pa ntchito za tsiku ndi tsiku chifukwa imayankha msanga, classic imatenga masekondi angapo ndipo anaipangira zinthu zochitika mwa apo ndi apo. Apu ikangotseguka itanani prepareIntegrityToken ndi nambala ya pulojekiti ija kuti ikonzekeretu kumbuyo, ndiye munthu akadina chinthu chofunika, monga kulowa mu akaunti, kutsegula vidiyo yolipira kapena kutumiza ndalama, ndi pomwe mupemphe tokeni, kauthenga kokhomedwa kochokera kwa Google konena za apu ndi foniyo. Musamapemphe pa kudina kulikonse, mungomaliza mapempho anu a tsiku ndi bandulo ya mwini foni.

Pali kanthu kena komwe anthu ambiri amakasiya kopanda kanthu, requestHash. Tengani zomwe zili mu pempho lanu, tinene nambala ya akaunti, nambala ya vidiyo ndi zomwe akufuna kuchita, muzilumikize mwa dongosolo limodzi losasintha, mupange SHA-256 yake, muiike mu requestHash. Ntchito yake ndi kumangirira tokeni ku pempho limenelo basi. Popanda izi munthu atha kutenga tokeni yabwinobwino pa foni yoyera n'kuiphatika pa pempho lina lomwe walisintha panjira, mwachitsanzo kusintha K5,000 kukhala K500. Tokeni ikabwera apu siyingaiwerenge ndipo isayese n'komwe, ingoitumiza ku seva pamodzi ndi pempholo kudzera pa HTTPS.

Sitepe 5: Seva itsegule tokeni n'kuweruza

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Seva yanu itumize tokeni ija ku Google pa decodeIntegrityToken pogwiritsa ntchito service account, Google abweza JSON yokhala ndi zigawo zingapo. Muziwerenge mwa dongosolo ili.

Yambani ndi requestDetails. Onani ngati requestPackageName ikufanana ndi dzina la phukusi la apu yanu. Kenako seva ipange yokha hash ya pempho lomwe yalandira, mwa dongosolo lija munagwiritsa ntchito mu apu, n'kufananitsa ndi requestHash yomwe ili mu tokeni, zikasiyana ndiye kuti wina wagwira pempholo panjira, kanani pompo. Onaninso timestampMillis kuti tokeni si yakale, mphindi zochepa n'zokwanira, koma musapanikize kwambiri mpaka masekondi asanu poti netiweki ya kwathu kuno nthawi zina pempho limachedwa panjira.

Kenako appIntegrity. Mukaona PLAY_RECOGNIZED ndiye kuti apu, satifiketi ndi vesheni zikugwirizana ndi zomwe Google Play ikudziwa. Mukaona UNRECOGNIZED_VERSION ndiye kuti dzina la phukusi kapena satifiketi sizikugwirizana, nthawi zambiri imeneyi ndi apu yokirakidwa ija. UNEVALUATED ikutanthauza kuti sanathe kuyeza. Muli momwemo fananitsani certificateSha256Digest ndi siginecha munasunga pa sitepe 2, koma dziwani kuti mu JSON imabwera mu Base64 pamene mu Play Console imaoneka mu hex yokhala ndi timadontho tiwiri pakati, nde musinthe imodzi kuti zifanane, apo ayi muzikana aliyense n'kumadabwa kuti chavuta n'chiyani. Onaninso versionCode, izi zimakuthandizani kutseka mavesheni akale omwe mukudziwa kuti anali ndi bowo.

Chachitatu ndi deviceIntegrity, yomwe ikunena za foni yeniyeniyo. MEETS_DEVICE_INTEGRITY ndi foni yeniyeni yovomerezeka yokhala ndi Google Play. Pali MEETS_BASIC_INTEGRITY yomwe ndi yofewerapo, ndi MEETS_STRONG_INTEGRITY yomwe ndi yolimba, ziwirizi mumachita kuziyatsa nokha mu Play Console. Mndandandawu ukabwera wopanda kanthu ndiye kuti foni ili ndi root (mwini wake anachotsa maloko a Android), kapena ndi emulator (foni yoyerekeza ya pa kompyuta), kapena pali china chokayikitsa. Langizo langa ndi loti STRONG musaiike ngati lamulo lolowera, chifukwa pa Android 13 kupita m'mwamba imafuna kuti foni ikhale italandira apudeti ya chitetezo m'miyezi 12 yapitayi, nde taganizani mafoni angati omwe anthu ali nawo ku Ndirande kapena ku Mchesi amene analandira apudeti chaka chino. Mungathamangitse makasitomala anu enieni.

Chomaliza ndi accountDetails, momwe muli appLicensingVerdict. LICENSED ndiye kuti munthuyo anatenga apu pa Play Store ndi akaunti yake ya Google, UNLICENSED ndiye kuti anaipeza njira ina.

Chinthu china, apu ikatumiza pempho lopanda tokeni n'komwe, seva izitenge ngati yalephera mayeso. Wokiraka wanzeru sayesa kupeka tokeni, amangochotsa khodi yoipempha n'kuona ngati seva ilola. Ndaonapo khodi yolembedwa kuti ngati tokeni ilipo ifufuze, ngati palibe pitiriza, kumeneko n'kungotaya nthawi.

Sitepe 6: Musathamangire kutseka anthu

Gawo ili ndi lomwe limandikhudza kwambiri. Mabuku a Google analembedwa poganizira munthu amene ali ndi Wi-Fi kunyumba ndipo apu iliyonse amaitenga pa Play Store, pamene kwathu kuno anthu amapatsana ma apu pa Xender, pa SHAREit ndi pa Bluetooth chifukwa bandulo ndi yodula, ena amakaikitsa kwa anyamata okonza mafoni mu msika. Mwana wa sukulu amene walandira apu yanu yeniyeni kwa mnzake, osasinthidwa kalikonse, aoneka PLAY_RECOGNIZED koma UNLICENSED. Ameneyu si wakuba, mwina ndi amene akulipireni mawa. Ngati apu yanu ndi yaulele kuitenga ndipo ndalama zimabwera pa sabusikiripushoni, UNLICENSED isakuvuteni mutu. Ngati mukufunadi kuti aitenge pa Play, pali kauthenga kotchedwa GET_LICENSED komwe API imatha kuonetsa, kamamutengera munthu ku Play Store mwaulemu osamutsekera chitseko.

Palinso mafoni a Huawei omwe anatuluka pambuyo pa chiletso cha America cha 2019, alibe Google Play Services, nde Play Integrity siyigwira n'komwe. Huawei ali ndi yawo yotchedwa SysIntegrity mu Safety Detect ngati makasitomala anu a mafoni amenewa ndi ambiri.

Nde chitani chonchi, masabata oyambirira musatseke aliyense, seva izingolemba zotsatira mu database, vesheni ya apu, mtundu wa foni ndi chigamulo chomwe chabwera. Mukaona manambala anu enieni ndi pomwe muike malamulo, ndipo akhale a masitepe. Amene zonse zili bwino apite. Amene apu ndi yeniyeni koma foni yalephera, muloleni aone zaulele ndi zomwe analipira, koma pa zinthu za ndalama mufunseni nambala ya pa SMS kapena muchepetse kuchuluka komwe angatumize. Amene wabwera ndi UNRECOGNIZED_VERSION ndi satifiketi yachilendo asalandire kanthu kolipira, ndipo uthenga wake ukhale wabwino, woti apu yomwe muli nayoyi si yochokera kwa ife ndipo ikhoza kukuberani pasiwedi, tengani yeniyeni apa. Izi n'zoonanso, ma APK okirakidwa ambiri amabwera ndi zinthu zina zoipa zoonjezera mkati, ndipo ambiri owagwiritsa ntchito sadziwa n'komwe kuti ndi okirakidwa. Musamuuze ndendende cheki yomwe yalephera, kumeneko n'kuthandiza wokiraka kudziwa poti akonze.

Zolakwika za netiweki muzisiyanitse ndi kukiraka. NETWORK_ERROR kapena TOO_MANY_REQUESTS zikabwera, apu iyesenso ikudikira nthawi yochulukirapo ulendo uliwonse, sekondi imodzi, ziwiri, zinayi, choncho. Ikabwera INTEGRITY_TOKEN_PROVIDER_INVALID ingoitanani prepareIntegrityToken kachiwiri.

Ngati seva yanu ndi Firebase, pali njira yachidule, Firebase App Check. Imagwiritsa ntchito Play Integrity yomweyi pansi pake, imapereka tokeni yomwe mwachizolowezi imakhala ola limodzi, ndipo imakuonetsani kuchuluka kwa mapempho ovomerezeka ndi okayikitsa musanadine batani la Enforce. Ndi yabwino poyambira, kungoti simuona zonse mwatsatanetsatane ngati mmene zilili mukamatsegula tokeni nokha.

Sitepe 7: Konzani za nthawi yomwe palibe intaneti

Apu yofuna intaneti nthawi zonse kwathu kuno anthu amaichotsa, magetsi akazima netiweki nayo imavuta, bandulo imatha pakati pa mwezi. Nde cheki ikadutsa, seva ipereke chilolezo chosainidwa, kafayilo kakang'ono kokhala ndi nambala ya akaunti, chizindikiro cha foniyo, zomwe walipira ndi tsiku lothera. Sainani ndi Ed25519, njira yosainira ya makiyi awiri, kiyi yachinsinsi yosainira ikhale ku seva, ya poyera yongoonera siginecha ndi yomwe ilowe mu apu. Chilolezocho chikhale cha masiku angapo, tinene sabata imodzi, ndipo foni ikangopeza netiweki apu ichikonzenso mwakachetechete. Zomwe munthu wadaunilodi zisungidwe zokhomedwa ndi AES, kiyi yake ikhale mu Android Keystore, malo otetezedwa osungira makiyi mu foni. Ena amabweza tsiku la foni m'mbuyo kuti chilolezo chisathe, nde sungani nthawi yomaliza imene seva inakuuzani, wotchi ya foni ikapezeka ili kumbuyo kwa nthawi imeneyo apu ipemphe intaneti kaye.

Kunena zoona gawo ili ndi lofooka kuposa ena onse chifukwa chigamulo chabwereranso mu foni, munthu wa root wodziwa Frida atha kutulutsa zomwe zadaunilodidwa. Chomwe mwapindula n'choti atenga zokhazo zomwe akaunti imodzi yolipira inatsitsa, zatsopano sazipeza, ndipo mukaika malire a mafoni awiri pa akaunti muiona msanga akaunti yomwe ikugawidwa. Ngati mavidiyo anu ndi amtengo kwambiri yang'anani Widevine, njira ya Google yotetezera mavidiyo kuti asakopedwe.

Sitepe 8: iPhone ndi kompyuta

Ku Apple chofanana nacho ndi App Attest, inabwera ndi iOS 14 mu 2020. Foni imapanga kiyi mu Secure Enclave (kagawo kotetezedwa kosungira makiyi mu iPhone), Apple amaichitira umboni kamodzi, seva yanu imasunga kiyi ya poyera, ndiye pempho lililonse lofunika limabwera losainidwa ndi kanambala komwe kamangokwera. Kanambalako kakabwerera m'mbuyo kapena kubwera kachiwiri, kanani.

Pa Windows palibe wa pakati ngati Play amene angakuchitireni umboni mosavuta chonchi, nde sitepe 1 ndi 7 ndi zomwe mudalire. Sainani pulogalamu yanu ndi satifiketi ya Authenticode, ikani SHA-256 ya fayilo pa webusaiti yanu kuti wotsitsa athe kuona yekha ndi Get-FileHash mu PowerShell, ndipo apudeti iliyonse pulogalamu iziyamba yaona siginecha isanaiike. Kutumiza hash ya pulogalamu ku seva kumagwira okiraka aulesi okha, wodziwa amangotumiza hash ya fayilo yoyambirira.

Sitepe 9: Tetezani komwe apu imapangidwira

Macheki onsewa amangotsimikiza kuti apu ndi yomwe inu munasaina, sanena kuti zomwe munasainazo ndi zoyera. Mu 2017 CCleaner inagawidwa kwa anthu opitirira 2 miliyoni ili ndi khodi yoipa mkati koma yosainidwa bwinobwino ndi satifiketi ya eni ake, mu 2020 zinachitikanso ndi Orion ya SolarWinds, akuba analowa komwe pulogalamu imamangidwira. Nde laputopu yomwe mumamangira apu isakhale yomwe mwadzaza mapulogalamu okirakidwa, Android Studio ndi yaulele, itengeni kwa eni ake. Yatsani 2FA, chitsimikizo chachiwiri polowa kuwonjezera pa pasiwedi, pa Play Console, pa Google Cloud ndi pa GitHub. Fayilo ya keystore, momwe muli kiyi yanu yosainira apu, isamayende pa WhatsApp kapena pa flash ya aliyense, ndipo mnzanu wa pulojekiti akachoka sinthani makiyi a service account tsiku lomwelo.

Yatsaninso R8 pomanga vesheni yopita kwa anthu, ndi kungolemba isMinifyEnabled = true mu Gradle. Siyiletsa kukiraka koma imasintha maina a makalasi kukhala a, b, c, wofufuza amatenga nthawi yaitali. Sungani fayilo ya mapping.txt ya vesheni iliyonse kuti muzitha kuwerenga malipoti apu ikagwa.

Musanatulutse, ikirakeni nokha. Tengani APK yanu, imasuleni ndi apktool, sinthani liwu limodzi mu strings.xml, imangeninso, isaineni ndi kiyi ina, muiike pa foni n'kuyesa kutsegula vidiyo yolipira. Seva iyenera kukana ndipo mu log muyenera kuona UNRECOGNIZED_VERSION. Kenako tumizani pempho ndi curl kapena Postman lopanda tokeni, kenako lina la tokeni yabwino koma mutasintha nambala ya vidiyo, onsewo akanidwe. Mukatero bwerekani mafoni otsika mtengo awiri atatu, ka itel, ka Tecno kakale ndi kena kogula kaunjika, muyese apu yeniyeni pa netiweki yofooka kuti muone ngati munthu wolipira akulowa popanda vuto. Mayeso amenewa muziwabwereza pa vesheni iliyonse yatsopano, ndipo kamodzi pa sabata muzitsegula tebulo la zotsatira lija kuti muone ngati pali vesheni yachilendo yomwe yayamba kuchuluka.